India ndi Switzerland: lolemera ndi liti kwenikweni?

Kuyambira mu 2022 pomwe inamveka nkhani yoti chuma cha India chapitirira cha Britain, atsamunda awo akale omwe, pali mkangano wina umene sukutha m'magulupu. Ena akuti India basi yafika, ndi dziko lolemera tsopano, si mwaona anatumiza chombo kumwezi. Ena akuti ayi mukunama inu, dziko lolemera lanji boma likugawa mpunga ndi tirigu waulere kwa anthu 800 miliyoni. Ndiye wina amaponyapo Switzerland, kadziko kakang'ono kamene sikamveka phokoso, kuti olemera enieni ndi awa. Chovuta nchakuti onsewa akunena zoona, kungoti aliyense wanyamula muyeso wake m'thumba osauza mnzake.

Tiyeni tiwaike pambalimbali awiriwa, tione kuti manambala amene timamva pawailesi aja amachokera pati.

Kaye kaye, kukula kwake

India ili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo mu 2023 bungwe la United Nations linati yapitirira China, ndiye kuti palibenso dziko la anthu ambiri kuposa pamenepa. Malo ake ndi masikweya kilomita pafupifupi 3.3 miliyoni. Chigawo chimodzi chokha cha Uttar Pradesh chili ndi anthu oposa 200 miliyoni, chikanakhala dziko pachokha bwenzi chili m'gulu la mayiko akuluakulu padziko lonse.

Switzerland anthu ake angokwana kumene 9 miliyoni, malo masikweya kilomita 41,000 ndi kanthu pang'ono. Malawi ndi wamkulu pafupifupi katatu, ndipo anthu tikuwaposa kawiri. Nawonso alibe doko ngati ife, katundu wawo amadutsa kwa aneba, mbali yaikulu ya dziko ndi mapiri a Alps, mafuta alibe, migodi yodziwika alibe. Pa Mswisi mmodzi aliyense pali Amwenye pafupifupi 160.

GDP ija imene imatchulidwa kawirikawiri

GDP ndi mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga pachaka mukaziphatikiza n'kuziika mu ndalama. Mpunga wa mlimi, galimoto yotuluka m'fakitale, malipiro a mphunzitsi, tsitsi limene wameta wapababashopu, zonse zimalowa mmenemo. Kuti mayiko afanizidwe amazisintha kukhala madola a ku America.

Pa muyeso umenewu India ili cha m'ma madola 4 thiliyoni pachaka, inakhala yachisanu padziko lonse itapitirira Britain, ndipo mu 2025 imalimbirana ndi Japan malo achinayi. Switzerland ili cha m'ma 900 biliyoni. Ndiye chuma cha India nchachikulu pafupifupi kanayi, apa palibe chokanganirana.

Koma taonani: anthu ochuluka ka 160, chuma chochuluka ka 4 kokha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zili ngati makomo awiri, lina lakolola matumba 40 a chimanga koma pakhomo pali anthu 30, lina lakolola matumba 10 koma ndi awiriwiri mkazi ndi mwamuna. Wa matumba 40 ndi amene vendala amamusaka komanso mawu ake amamveka pamsika, koma ikafika January mukudziwa kale khomo limene liyambe kuchepetsa mtanda wa nsima.

Ndiye akatswiri amagawa GDP ija ndi chiwerengero cha anthu kuti apeze gawo la munthu mmodzi. Ku India limatuluka cha m'ma madola 2,700 pachaka. Ku Switzerland cha m'ma 100,000. Kusiyana kwake ndi ka 35 kapena kuposerapo. Nchifukwa chake World Bank imaikabe India m'gulu la mayiko a chuma chapakati koma cha m'munsi, pomwe Switzerland ili pamwamba penipeni limodzi ndi a Norway ndi a Luxembourg. Dziwaninso kuti nambalayi si salale, palibe amene amalandira ndalama imeneyi m'manja, ndi masamu ogawa chabe.

Koma dola siigula zofanana kulikonse

Apa mpamene ambiri amasochera. Ku Delhi kapena Mumbai tiyi wamkaka wapamsewu, uja amathira m'tikapu tating'ono ali bwatabwata, ndi marupi 10 kapena 20, sikukwana nkomwe kota ya dola. Ku Zurich kapu ya khofi m'lesitilanti wamba ndi mafranki 4 kapena 5, ndipo franki ndi yamphamvu kuposa dola. Kumeta, kukwera basi, kusoketsa malaya, kuonana ndi dokotala, zonsezi ku India nzotchipa kwambiri chifukwa amene akukuchitira ntchitoyo nayenso amalandira zochepa. Ku Switzerland wometa tsitsi amameta chimodzimodzi ndi wa ku India, lezala yomweyo mutu womwewo, koma akuyenera kulipidwa ndalama yoti akhalire m'dziko lodula, apo ayi asiya n'kukalowa ntchito ina.

Ku Geneva malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo ndi oposa mafranki 24 pa ola. Waganyu wakumudzi ku India amapeza marupi 300 mpaka 500 tsiku lonse, madola 4 mpaka 6. Mukangomva choncho mutha kulongeza chikwama usiku womwewo. Koma wa ku Geneva uja lendi ikumudikira, Aswisi ambiri amakhala m'nyumba zalendi ndipo kupeza nyumba m'mizinda ngati Geneva ndi Zurich ndi nkhondo, kuphatikiza apo inshulansi ya chipatala ndi yokakamiza, munthu wamkulu amalipira mafranki oposa 300 mwezi ulionse adwale asadwale.

Pofuna kukonza zimenezi pali muyeso wina umene amautcha PPP, kutanthauza kuti m'malo mosintha ndalama pa mtengo wa kubanki, amafunsa kuti ndalamayo ingagule zinthu zochuluka bwanji kwawo komweko. Mukayeza choncho India imadumpha n'kukhala yachitatu padziko lonse, kumbuyo kwa China ndi America basi, ndipo gawo la munthu mmodzi limakwera kufika cha m'ma 11,000. La Mswisi limatsika pang'ono kufika cha m'ma 90,000. Mpata uja wa ka 35 watsika kufika pa ka 8 kapena 9. Ukadali waukulu ndithu, koma si uja woopsa.

Nanga muyeso woona ndi uti? Zimatengera funso. Mukafuna kudziwa mmene banja likudyera ndi kugonera, PPP ndiyo imayandikira choonadi. Koma mafuta a galimoto, ndege, makina a m'fakitale, ngongole zakunja, izi sizigulidwa ndi PPP, zimafuna dola yeniyeni, ndipo India imagula kunja mafuta oposa 80 peresenti ya amene imagwiritsa ntchito. Ife amene tagonapo pamzere wa petulo chifukwa cha kusowa kwa foleksi sitifunika kutifotokozera zimenezi.

Avareji imabisa anthu

Vuto lina ndi lakuti India si dziko limodzi pa nkhani ya chuma, ndi mayiko angapo ovala mbendera imodzi. Mu Mumbai momwemo muli Antilia, nyumba ya nsanjika 27 ya Mukesh Ambani, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Asia, ndipo mumzinda womwewo muli Dharavi komwe anthu masauzande mazanamazana apanikizana pa malo ochepa, banja lonse m'kachipinda kamodzi komwe masana kamasanduka fakitale yosokera zikwama kapena kusankha mapulasitiki. Ku Bengaluru kuli achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta a mabanki a ku London ndi New York. Ku Bihar, chigawo cha anthu oposa 120 miliyoni, zopeza za munthu mmodzi nzochepa kuposa ka 7 mukafanizira ndi ku Goa, ndipo anyamata ambiri amachokako kukasaka maganyu m'mizinda yakutali. Kerala pa sukulu ndi chipatala ili patsogolo kwambiri kuposa zigawo za kumpoto.

Ndiye munthu akati "ndinapita ku India ndinaona chitukuko" ndi wina akati "ndinapita ndinaona umphawi wosaneneka", onse anapitadi. Ngakhale mutangotenga anthu 5 pa 100 alionse amene zikuwayendera, mwapeza kale anthu 70 miliyoni, Switzerland kuchulukitsa ka 8. Nchifukwa chake makampani a mafoni ndi magalimoto amathamangira ku India ngakhale avareji ili pansi.

Ku Switzerland nakonso olemera kwambiri alipo, chuma chosungidwa chili m'manja mwa ochepa, ndipo ovutika alipo makamaka amayi olera okha ana ndi okalamba ena. Kusiyana kwake nkwakuti pansi pawo mpokwera, wovutika wa kumeneko ali ndi madzi apampopi, magetsi, sukulu, ndi thandizo la boma.

Zaka zokhala ndi moyo zimaonetsa bwino kuposa madola. Mwana wobadwa lero ku Switzerland akuyembekezeka kufika zaka pafupifupi 84, wa ku India cha m'ma 72. Koma pomwe India imalandira ufulu mu 1947 nambala imeneyi inali cha m'ma 32 basi.

Nchifukwa chiyani Mswisi mmodzi amapanga zambiri chonchi?

Si kuti amadzuka m'mamawa kuposa Mmwenye ayi, ndipo pa maola ogwira ntchito Amwenye ambiri amawaposa. Nkhani ndi mtengo wa chimene munthu wapanga pa ola limodzi.

Ku India anthu pafupifupi 45 pa 100 alionse ogwira ntchito ali kumunda, koma ulimi umabweretsa gawo losakwana limodzi mwa magawo asanu a GDP. Minda yambiri ndi ing'onoing'ono, mahekitala osakwana awiri, ndipo ambiri amadalirabe mvula ya monsoon. Enanso ochuluka ali pa geni ndi maganyu, opanda kontirakiti, opanda penshoni, ndipo amayi amene ali pa ntchito yolipidwa safika theka. Ku Switzerland akumunda ndi 2 kapena 3 pa 100. Ena onsewo ali m'mafakitale a mankhwala, makina, mabanki, inshulansi, mahotela.

Tengani wotchi. Zitsulo zimene zili mkati mwake nzochepa zoti mungazifumbate, koma ikatuluka ku Geneva ndi dzina la Rolex ikugulidwa madola masauzande ambiri, ndipo mu 2023 mawotchi okha anawabweretsera mafranki oposa 25 biliyoni. Koko salima koma chokoleti chawo chimadziwika kulikonse, khofi salima koma Nestlé ya ku Vevey imagulitsa Nescafé mpaka m'maokala athu. Makampani a mankhwala a Roche ndi Novartis ali ku Basel, ndipo mankhwala ndi makemikolo ndi pafupifupi theka la katundu amene amatumiza kunja. Golide sakumba koma mbali yaikulu ya golide wa padziko lonse amakayengedwa kumeneko, ndipo mmodzi mwa makasitomala akuluakulu ndi India yemweyo, komwe ukwati popanda golide sunayambe. Msika wa kwawo ndi waung'ono, ndiye kuyambira kale anazolowera kupangira anthu akunja zinthu zazing'ono koma zodula.

Chinanso chimene anthu sachitchula kawirikawiri ndi sukulu zawo. Achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu akamaliza sukulu yokakamiza sapita ku yunivesite kaye, amalowa maphunziro a ntchito zamanja, masiku ena kukampani masiku ena m'kalasi, zaka zitatu kapena zinayi, akulandirako kangachepe. Ndipo sikuti ndi njira ya olephera, ena amene anadzakhala mabwana a mabanki anayambira pomwepo. Powonjezera apo munthu mmodzi mwa anayi okhala ku Switzerland ndi mlendo, madokotala, mainjiniya, omanga, amene ambiri anaphunzitsidwa ndi ndalama za mayiko ena.

Ndiye pali mbiri. Switzerland inavomerezedwa kukhala yosalowerera nkhondo mu 1815, malamulo ake aakulu oyamba analembedwa mu 1848, nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinawononga aneba ake koma mafakitale awo sanagwe. Chuma chakhala chikuunjikana mibadwo ingapo popanda kuyambiranso. Apa pamakhalanso mtsutso, chifukwa lamulo la 1934 losunga chinsinsi cha mabanki linakoka ndalama za anthu padziko lonse, zoyera ndi zakuda zomwe, ndipo ku India nkhani ya ndalama zobisidwa ku mabanki a ku Switzerland yakhala ikumveka pa kampeni zaka zambiri. Otsutsa amati mbali ina ya ulemerero wawo ndi misonkho imene mayiko ena anataya, oikira kumbuyo amati mabanki ndi gawo chabe ndipo mafakitale ndiwo msana. Kuyambira 2019 Switzerland imatumiza ku boma la India zambiri za maakaunti a nzika zake. Mabankiwo nawonso sikuti sagwa, mu March 2023 Credit Suisse inatsala pang'ono kugwa mpaka boma linachita kukonza kuti banki ina ya UBS iigule mwachangu kumapeto kwa sabata.

India mbali yake inatuluka mu utsamunda anthu ambiri osadziwa kulemba, n'kukhala zaka zoposa 40 boma likugwira chuma mwamphamvu, kutsegula fakitale kumafuna malayisensi osatha. Zinasintha mu 1991 foleksi itatsala ya masabata ochepa, mpaka anachita kukweza golide wa boma mu ndege kukapereka chikole kunja, ndipo Manmohan Singh ali nduna ya zachuma anatsegula zitseko. Kuthamanga kumene tikuona leroku kunayambira pamenepo.

Zimene kukula kumagula

Tisaganize kuti GDP yonse ija ndi nambala yongodzitamandira. Boma likatolera pang'onopang'ono kwa anthu 1.4 biliyoni limapeza ndalama yochitira zinthu zimene dziko laling'ono silingayerekeze palokha. Pa 23 August 2023 Chandrayaan-3 inatera kufupi ndi kumwera kwenikweni kwa mwezi, malo amene palibe anali ataterapo. Ali ndi zida za nyukiliya, ali m'gulu la G20 la mayiko a chuma chachikulu, ndipo ndi pa msonkhano wa ku New Delhi chaka chomwecho pomwe African Union inalandiridwa ngati membala. Njira yawo yolipirira pa foni ya UPI, imene inayamba mu 2016, yafika poti wogulitsa masamba m'mbali mwa msewu amangopachika kachikwangwani ka QR, kasitomala kujambula ndi foni, kasipika n'kulengeza kuti ndalama yalowa. Chisankho cha 2024 chinali ndi olembetsa pafupifupi 970 miliyoni, anavota m'magawo 7 kwa masabata angapo. Amwenye okhala kunja amatumiza kwawo madola oposa 100 biliyoni pachaka, palibe dziko lolandira zoposa apo.

Switzerland mphamvu yake ndi ya mtundu wina. Siili mu European Union, ku United Nations inalowa mochedwa mu 2002, koma Geneva ndi kumene kuli bungwe la zaumoyo la WHO, la zamalonda la WTO ndi Red Cross, ndipo January aliyense akuluakulu a dziko amakwera phiri kupita ku msonkhano wa zachuma ku Davos. Koma ikamakambirana za malonda ndi EU kapena America ilibe msika waukulu woopsezera nawo, pomwe India ikhoza kunena kuti mukakana, anthu 1.4 biliyoni muwaphonya.

Pa utsi wowononga nyengo masamu omwewa amabweranso. India ndi yachitatu padziko lonse, kumbuyo kwa China ndi America, koma pa munthu mmodzi ndi matani pafupifupi 2 pachaka, Mswisi cha m'ma 4, osawerengera katundu amene amapangidwira kunja. Pa misonkhano ya nyengo aliyense amasankha nambala imene ikumukomera.

Pomwe awiriwa anakumana maso ndi maso

Mlandu wa Glivec ukuonetsa bwino kusiyana kwa zofuna zawo. Novartis inafuna patenti ku India, chiphaso choletsa ena kupanga mankhwala ako kwa zaka zingapo, pa mtundu watsopano wa mankhwala ake a khansa ya m'magazi otchedwa Glivec. Pa 1 April 2013 khoti lalikulu la India linakana, linati kusinthako sikunaonetse kuti mankhwalawo akuchiza bwino kuposa akale. Nthawi imeneyo a Novartis amagulitsidwa madola oposa 2,000 pamwezi, opangidwa ndi makampani a ku India osakwana 200. Kampaniyo inati kupeza mankhwala atsopano kumadya mabiliyoni ndi zaka zambiri, popanda chitetezo palibe adzafufuze, ndipo odwala ambiri ku India imawapatsa kale ulere. A mbali inayo anati patenti ikamangowonjezeredwa pa tizosintha tating'ono osauka sadzawaona mankhwalawo. Dziko lokhalira kutulukira zatsopano ndi dziko lokhalira kupanga zambiri motchipa, aliyense amateteza mbale yake.

Nkhaniyi ndi yathunso. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku Mumbai inalengeza kuti ingagulitse ma ARV pa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku, pomwe kumayiko olemera anali oposa 10,000. Ma ARV aulere amene anayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2004 anatheka kwambiri chifukwa cha kutsika kumeneku, ndipo mpaka lero mukatembenuza botolo lakuchipatala nthawi zambiri mupeza dzina la mzinda wa ku India. Pomwe ndalama zambiri zogulira zimadutsa ku Global Fund, imene likulu lake lili ku Geneva. Alimi a nandolo a ku Mulanje ndi Phalombe nawo akudziwa kuti India ikatseka kapena kutsegula msika mtengo umasintha pamudzi, zija za 2017.

Kodi India idzawapeza?

Chuma cha India chakhala chikukula ndi 6 mpaka 8 peresenti pachaka, cha Switzerland 1 kapena 2. Mukangomva choncho mungaganize kuti mpata ukutsekeka msanga. Koma 7 peresenti ya madola 2,700 ndi 190 basi, pomwe 1 peresenti ya 100,000 ndi 1,000. Ndiye kuti mu madola enieni Mswisi akuwonjezerabe zambiri chaka chilichonse ngakhale akuyenda ngati kamba.

Kuchulukitsa kumagwira ntchito pakapita nthawi. Ngati gawo la Mmwenye litamakula ndi 5 peresenti kuposa la Mswisi chaka ndi chaka, mpata umachepa ndi theka pa zaka 14 zilizonse, ndiye kuti kutseka ka 8 kaja nkofunika zaka zoposa 40 osapunthwa. Ndi mayiko ochepa amene anathamangapo choncho, monga South Korea, Taiwan, Singapore ndi China, ndipo kupatula China onsewa ndi aang'ono pofanizira ndi India. Chimene India ili nacho ndi unyamata, theka la anthu ake sanakwane zaka 30, pomwe ku Switzerland munthu wapakati ali ndi zaka zoposa 42 ndipo funso lawo ndi loti adzalipire penshoni ndani. Koma unyamatawo umapindula pokhapokha ntchito zikupezeka, ndipo achinyamata mamiliyoni amalowa pamsika wa ntchito chaka chilichonse, ena ndi madigiri m'manja.

Pa 10 March 2024, atakambirana zaka 16, India inasaina pangano la malonda ndi gulu la EFTA, lomwe ndi Switzerland, Norway, Iceland ndi Liechtenstein, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2025. Switzerland inali itachotsa kale misonkho yonse pa katundu wa m'mafakitale wolowa kwawo kuyambira January 2024, ndiye pa misonkho panalibe zambiri zoti ipatse India. Zimene India inapempha m'malo mwake ndi lonjezo loti mayiko anayiwa alimbikitse makampani awo kubweretsa madola 100 biliyoni ndi ntchito 1 miliyoni pa zaka 15, ndipo iyo itsitsa pang'onopang'ono misonkho pa makina, mawotchi ndi chokoleti. Pangano lomwelo likulola India kubweza kutsitsa misonkhoko ngati ndalamazo sizibwera.